Kali Kokha Nkanyama: Nkhani ya Aganyu Awiri a ku California

Mwezi uno tifuna kukambirana nanu za buku lina laling'ono la m'Chingerezi, limene anthu a maiko ambiri akhala akuliwerenga kuyambira chaka cha 1937 kufikira lero. Dzina lache ndi Of Mice and Men, ndiko kunena kuti za mbewa ndi anthu, ndipo amene adalilemba ndi John Steinbeck wa ku Amereka. Bukuli likamba za aganyu awiri oyendayenda m'minda ya eni ache, anthu opanda nyumba, opanda mkazi kapena mwana, amene chuma chao chonse chidali mtolo wa bulangeti pa msana ndi ubwenzi wao. Tiyesa kuti banja lililonse limene lidaperekezapo mwana kapena bambo pa ulendo wokafuna nchito kutali lidzaimva nkhaniyi msanga.

Mlembi ndi dziko lache

John Steinbeck adabadwa mu 1902 m'tauni ya Salinas, m'chigawo cha California, kumadzulo kwa Amereka. Kumeneko kuli chigwa chachonde chachitali, pakati pa mizere iwiri ya mapiri, ndipo m'chigwamo muyenda mtsinje wochedwanso Salinas. Ali mnyamata adaphunzirako pa sukulu yaikuru ya Stanford, koma sadatsirize maphunziro ache. Nthawi zina adali kugwira nchito m'minda yaikuru ya m'chigwamo pamodzi ndi aganyu, kudya nao ndi kugona nao m'nyumba imodzi. Chifukwa chache zimene adalemba za moyo wao adaziona ndi maso ache. Mu 1962 adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha mabuku ache, namwalira ku New York mu 1968.

Bukuli lidatsala pang'ono kutayika lisanabadwe, pakuti mu 1936 kagalu ka mlembiyo kadatafuna mapepala ambiri amene iye adali atalemba pa manja, ndipo adachita kuyambanso. Dzina la bukulo adalitenga m'ndakatulo ya Robert Burns wa ku Scotland, ya mu 1785, yokamba za mlimi amene pulawo lache lidapasula funkha la mbewa nyengo yozizira ili pafupi. Kwa ife mbewa ndi ndiwo, ndipo sitiilira ikagwa m'manja. Koma mlimi uja adaimvera chisoni, poona kuti kanyamako kadakonza nyumba yache mosamala, ndipo zonse zidatha pa kamphindi, monga zimathera zolinga za anthu osauka.

Nkhani yonse ichitika pafupi ndi tauni yaing'ono yochedwa Soledad. Liuli ndi la Chispanya, ndipo litanthauza kukhala wekha. Taunii idatenga dzina lache ku mishoni imene ansembe a chipani cha Fransisko Woyera adamanga kumeneko mu 1791, naipereka kwa Amai Maria pokumbukira kutsala kwao okha Mwana wao ataikidwa m'manda. Tsono wowerenga wodziwa dzinali azindikira pa tsamba loyamba pomwe chimene bukulo lidzakamba.

Zaka zosowa nchito

Mu October 1929 malonda a ndarama adagwa ku New York, ndipo bvutolo lidafalikira dziko lonse la Amereka. Mabanki ambiri adatsekedwa pamodzi ndi ndarama za anthu, mafakitale adachotsa anchito, kotero kuti pofika 1933 pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse ofuna nchito adali wopanda nchito. Pamwamba pa izi chilala chidagwa m'zigawo za Oklahoma, Kansas ndi Texas. Nthaka idasanduka pfumbi, mphepo niiulutsa, ndipo mabanja ochuruka adasiya minda yao kunka ku California. Za mabanja amenewa Steinbeck adalemba buku lina lalikuru, The Grapes of Wrath, mu 1939.

Koma mabanjawa asanafike, ku California kudali kale mtundu wina wa anchito: amuna osakwatira, oyenda okhaokha kutsata nyengo ya zokolola. Munthu akafika pa munda wina amagwira mwezi umodzi kapena iwiri, nalandira malipiro ache, napita ku tauni kukaamwaza pa mowa ndi pa akazi oyendayenda, nanyamulanso mtolo wache kunka kwina. Ofuna nchito pokhala ambiri, bwana sadali kudera nkhawa ndi mmodzi wa iwo. Amene wadwala kapena wakalamba amangochotsedwa, pakuti pa chipata padali ena khumi odikira. Awa ndiwo anthu a m'buku lathu.

George ndi Lennie

George Milton ndi wamfupi, wochenjera, wa maso akuthwa ndi wa pakamwa pofulumira. Lennie Small ndi chimphona cha mphamvu zonga za anthu angapo, koma nzeru zache zidatsala za mwana wamng'ono. Aiwala zimene wauzidwa posachedwa, sadziwa kukula kwa mphamvu za manja ache, ndipo akonda kusisita zinthu zofewa: ubweya wa mbewa, wa kagalu, nsalu yosalala. Tizinyama timene iye akonda timafera m'manja mwache, iye osafuna.

Awiriwa sali pa chibale. Lennie adaleredwa ndi azakhali ache a Clara, ndipo iwo atamwalira adayamba kutsata George. Poyamba George adali kumseweretsa kuti anzache aseke. Tsiku lina adamuuza kuti adumphire mu mtsinje wa Sacramento, ndipo Lennie adadumphadi ngakhale sadziwa kusambira. Atambvuula ali pafupi kumira, Lennie adathokoza George chifukwa chomupulumutsa, ataiwala kuti womtuma m'madzimo ndi yemweyo. Kuyambira tsikulo George adachita manyazi, naleka kumseka, nayamba kumsunga.

Nkhani iyamba madzulo, awiriwa atakhala pa dziwe la mtsinje wa Salinas. Athawa ku tauni ya Weed, kumpoto, kumene Lennie adagwira diresi lofiira la mtsikana wina pofuna kulisisita. Mtsikanayo adapfuula, Lennie adachita mantha nagwiritsitsa, ndipo anthu adawasaka kufikira adabisala m'ngalande ya madzi tsiku lonse. Mawa lache ayenera kukayamba nchito yosenza matumba a barele pa munda wina waukuru, pa malipiro a madola 50 pa mwezi. George adandaula kuti akadakhala yekha akadapeza bwino, koma Lennie akati apite akakhale yekha ku mapiri, George amletsa msanga. Asanagone amlangiza kuti akadzagwanso m'bvuto athawire ku thengo la pa dziwe lomwelo, ndi kumdikira pamenepo.

Anthu a pa mundapo

Pa mundapo anchito agona m'nyumba imodzi yonga gowelo, aliyense ndi bedi lache ndi kabokosi kokhomedwa pa khoma koikamo sopo ndi lumo. Onse adabwa kuona amuna awiri oyenda limodzi. Bwana aganiza kuti George adya malipiro a mnzache, pakuti sadaonepo munthu wobvutikira mnzache kwaulere. Taonani kuipa kwa malo amene ubwenzi uyesedwa chinyengo! Wina yekha, Slim, katswiri woyendetsa nyuru za ngolo, amene onse amlemekeza, ndiye aona kuti chinthuchi nchabwino, ngakhale nayenso achiyesa chachilendo.

Mlembi atisonyeza anthu atatu amene kusungulumwa kwawadya, aliyense mwa njira yache.

Woyamba ndi Candy, nkhalamba yosesa m'nyumba ya anchito, imene dzanja lache lidaduka pa nchito ya pa munda pomwepo. Bwenzi lache ndi galu wokalamba, wosaona bwino, wopanda mano, amene adamlera kuyambira ali kamwana. Wanchito wina, Carlson, adandaula kuti galuyo anunkha, naumirira kuti amuombere mfuti, nati kutero ndiko kumchitira chifundo. Candy ayang'ana nkhope za anzache kufuna womthandiza, koma palibe atsegula pakamwa. Galu aturutsidwa, nyumba yonse iti zii, ndipo mfuti italira nkhalambayo itembenukira ku khoma. Idziwa bwino kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: tsiku limene idzalephera kugwira tsache, nayonso idzatayidwa.

Wachiwiri ndi Crooks, wosamala akavalo, amene msana wache udapindika atamenyedwa ndi kavalo. Iye yekha ndiye munthu wakuda pa mundapo, ndipo chifukwa cha khungu lache saloledwa kugona kapena kucheza m'nyumba ya anzache. Agona m'kachipinda ka m'khola, pakati pa zingwe za akavalo. Ali ndi mabuku, ndipo awerenga usiku, koma iye mwini abvomera kuti buku silingalowe m'malo mwa munthu wolankhula naye. Lennie, posadziwa malamulo a tsankho, angolowa m'chipindamo usiku wa Loweruka anzao atapita ku tauni. Crooks ayamba ndi kumthamangitsa, kenaka amuopseza kuti mwina George sadzabweranso, kuti Lennie alaweko kuwawa kumene iye alawa masiku onse. Pamenepo tiona kuti kukhala wekha nthawi yaitali kuumitsa mtima, ngakhale wa munthu wabwino.

Wachitatu ndi mkazi wa Curley, mwana wa bwana. Curley ndi wamfupi, wokonda nkhonya, wansanje, wodana ndi amuna akuruakuru. Mkazi wache ndi mtsikana wongokwatiwa kumene, mkazi yekha pa munda wonsewo, ndipo mlembi sadampatse ndi dzina lomwe. Adali kulota zokasewera m'mafilimu, nakwatiwa mofulumira pofuna kuchoka kwa amai ache. Ayendayenda pa makomo kufuna womlankhula; amuna amuyesa msampha namthawa. Nayenso pokwiya apondereza wochepa mphamvu kuposa iye: aopseza Crooks kuti ndi bodza limodzi lokha angathe kumpachikitsa pa mtengo, ndipo Crooks adziwa kuti m'dziko limenelo, nthawi imeneyo, mauwo adali oona.

Loto la kamunda

George ndi Lennie ali ndi nthano yao imene George aibwereza usiku monga amai abwerezera mwana nthano yokondedwa. Tsiku lina adzagula kamunda kaokao ka maekala 10, ndi kanyumba, ng'ombe, nkhumba, nkhuku ndi dimba. Mvula ikagwa adzakhala pa moto osapempha chilolezo kwa munthu. Mlendo akafika adzamuuza kuti agone, pakuti malo alipo. Ndipo Lennie adzasamala akalulu. Chimene aganyuwa alakalaka ndi chimene ambiri a ife tili nacho osachiyamikira: khomo lako, khasu lako, ndi ufulu wolandira mlendo.

Candy, galu wache ataphedwa, amva nthanoyi napempha kulowamo. Kamundako mtengo wache ndi madola 600. Iye ali ndi madola 250 a chipukuta misozi cha dzanja lache, ena 50 adasunga, ena 50 adzalandira pa kutha kwa mwezi. Onse pamodzi 350. George ndi Lennie akagwira mwezi wathunthu osamwaza adzaonjezapo 100. George aona kuti eni ache, pokhala pa usiwa, angabvomere 450 poyamba. Mwadzidzidzi nthano ija isanduka chinthu chotheka. Ngakhale Crooks, amene waona mazana a aganyu akulota munda osaupeza, apempha mwamanyazi kuti akalimeko kwaulere, mpaka mau a mkazi uja amkumbutsa malo ache, nabweza pempho lache.

Usiku womwe Candy adalowa m'panganolo, Curley adagwera Lennie ndi nkhonya popanda chifukwa. Lennie adangolira osabwezera kufikira George adamlamula kuti adziteteze. Pamenepo adagwira dzanja la Curley naliphwanya mafupa. Slim adakakamiza Curley kunena kuti makina ndiwo adampweteka. Mlandu udazizira, koma chidani chidatsala.

Tsiku Lamulungu

Lamulungu masana amuna ali pa masewera panja. Lennie ali yekha m'khola, alira kagalu kamene Slim adampatsa, kamene wakapha pokaseweretsa. Mkazi wa Curley alowa, namuuza zonse za mumtima mwache, zimene sadauzepo munthu. Pakumva kuti Lennie akonda zofewa, amlola kusisita tsitsi lache. Lennie asisita kolimba, mkaziyo apfuula, Lennie agwidwa ndi mantha kuti George amva namletsa kusamala akalulu. Amtseka pakamwa, amgwedeza, ndipo khosi lithyoka. Lennie athawira ku dziwe kuja monga adauzidwa.

Curley asonkhanitsa amuna ndi mfuti, nalumbira kuti adzamuombera m'mimba. George adziwa kuti mnzache akapulumuka kwa Curley adzatsekeredwa ndi kumangidwa ngati chirombo, osamvetsa chifukwa chache. Atenga mobisa mfuti ya Carlson, yomwe idapha galu uja, nafika pa dziwe ena asanafike. Sakalipira Lennie. Amuuza ayang'ane tsidya la mtsinje, namkambira nthano ya kamunda komaliza, ndipo Lennie ali kusekera akalulu ache, George amuombera kumbuyo kwa mutu. Amuna atafika, Slim yekha amvetsa, namgwira George pa mkono kunka naye. Carlson angodabwa chimene chawabvuta awiriwo.

Mu 1937 Steinbeck adauza nyuzipepala ya New York Times kuti Lennie adamtengera pa munthu weniweni amene adagwira naye nchito, amene adapha kapitao wa pa munda, natsekeredwa m'nyumba ya odwala misala.

Tiweruze bwanji?

Owerenga ambiri atsutsana ngati George adachita bwino. Ife tiyenera kunena poyera: lamulo lachisanu la Mulungu liletsa kupha, ndipo Eklezia aphunzitsa kuti palibe munthu ali ndi ufulu wochotsa moyo wa mnzache, ngakhale pomumvera chisoni. Mlembi adaika dala imfa ya galu patsogolo pa imfa ya Lennie, mfuti yomweyo ndi malo omwewo a pa mutu. Pamenepo pali choopsa chenicheni cha bukuli: pa munda uja munthu adasanduka wofanana ndi galu, wosungidwa pokhala ndi nchito, wochotsedwa akakhala katundu. Tisaiwalenso mtsikana wopanda dzina uja, amene adafa pofuna womumvera. Mwamuna wache adathamangira mfuti osakhalako ndi maliro.

Koma tisanatole mwala woponyera George, tifunse: adali kuti ena onse? Zaka zambiri George adasenza Lennie yekha. Padalibe mbale wolandizana naye katunduyo, padalibe mfumu yoweruza mlandu mofatsa, padalibe mai wachikulire woti akadaona Lennie ali yekha m'khola nkumuitana kuti akhale pa anthu. Makolo adati mutu umodzi susenza denga. Adatinso kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Ndipo George ndi Lennie adalidi anthu pakati pa anzao osanduka zinyama zosakhulupirirana. Komabe bukuli lisonyeza kuti awiri okha, opanda mudzi pambuyo pao, ali ngati nyumba ya mzati umodzi. Mphepo yoyamba yamphamvu iigwetsa.

Taonaninso kuti onse osungulumwa aja akadatha kuthandizana. Usiku wa Loweruka nkhalamba, munthu wakuda, wochepa nzeru ndi mtsikana adali m'chipinda chimodzi, onse osiyidwa ndi amphamvu. M'malo mogwirana manja adalumana. Umphawi wokha sudawagonjetse. Chidawagonjetsa ndi mantha amene adaphunzitsa aliyense kudzisungira yekha.

Mau kwa mabanja athu

California ndi kutali, koma moyo wa waganyu wa kutali ndi kwao tiudziwa. Agogo athu adayenda ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe, ndipo ena sadabwerere. Chilankhulo chathu chidawapatsa dzina lao, machona. Leronso ana athu ali ku South Africa, ena ali m'minda ya fodya, ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ambiri a iwo ali ndi loto la George: malata pa denga, ng'ombe ziwiri, kamunda kaokao.

Inu otsala ku mudzi, musamakumbuke wa ku ulendo pa tsiku lofuna ndarama lokha. Muimbireni lamya, mlembereni, muuzeni za mvula, za mwana wobadwa, za maliro ndi za ukwati, kuti adziwe kuti malo ache pa mphasa akalipo. Munthu amachona poyamba mumtima, pamene aganiza kuti kwao amuiwala. Akabwera chimanjamanja musamseke, pakuti manyazi obwera opanda kanthu atsekereza ambiri ku chilendo kufikira imfa.

Inu a ku ulendo, funani anzanu abwino, ndipo musamwaze thukuta la mwezi wathunthu usiku umodzi wa Loweruka. Mukaona mnzanu wa mtundu wina kapena wa chilankhulo china adya yekha kumbali, msendezereni mpando. Wodwala pakati panu mumzonde, pakuti iye alibe mai ache pafupi.

Ndipo m'midzi mwathu muli a Lennie athu, ana ndi akuru amene nzeru zao sizidakule, ndiponso nkhalamba zonga Candy zimene mphamvu zatha. Kawirikawiri pambuyo pa aliyense wa iwo pali munthu mmodzi, mai kapena mlongo, amene wamsenza yekha zaka zambiri, watopa, ndipo sanena. Musadikire kuti tsoka ligwe kuti mudzasonkhane ndi zibonga. Pitani lero, mukalandire katunduyo ngakhale tsiku limodzi pa sabata, mukamlimire mzere, mukakhale ndi wodwalayo kuti womsunga apite ku msika kapena ku tchalitchi. Ana anu aletseni kumseka ndi kumtuma zopusa, monga George adalekera atachita manyazi pa mtsinje wa Sacramento.

Amene adziwa Chingerezi alifune bukuli. Lili ndi mitu 6 yokha, ndipo lingathe kuwerengedwa madzulo awiri. Tichenjeze makolo kuti muli mau ena otukwana ndi onyoza anthu akuda, monga adali kulankhulira aganyu a nthawiyo, chifukwa chache ndi la achinyamata ndi akuru. Mukaliwerenga, kambiranani pa banja, ndipo aliyense atchule dzina la munthu mmodzi wa pa mudzi wanu amene adya yekha. Mawa lache mumuitane.